Tsiku Limene Mndandanda wa Madzi Unakana Kutuluka

"Ndiwe, Yakubu! Usandiyang'ane ngati sukumva. Wagwira laputopu iyi ndiwe, ndipo waipha dala!"

Nasra anali ataima pakhomo la ofesi ya sikimu, dzanja lina litagwira chitseko, lina likuloza mnyamata amene ankatsika panjinga pansi pa mtengo wa mango. Mpango wake unali utasendera kumbuyo, mwini wake osadziwa n'komwe.

Yakubu anatsamiritsa njingayo pamtengo mosapupuluma.

"Salaam aleikum kaye, mayi. Kwanuko m'mawa mumadzukira mlandu?"

"Aleikum salaam. Tsopano yankha."

"Ndiyankhe chiyani? Sindinalowe n'komwe."

"Lowa uone ntchito ya manja ako."

Linali Lachinayi la mwezi wa Okutobala, ndipo ngakhale nthawi inali isanakwane 8 koloko, malata a ofesiyo anali atayamba kale kulira ndi dzuwa. Lachinayi lililonse Nasra ankafika m'mawa, kuyatsa laputopu ya gulu, kulemba mzere umodzi, ndipo pulinta inkalavula pepala: mndandanda wa madzi wa masiku asanu ndi awiri, kuyambira Lachisanu. Lero m'malo mwa pepala, pagalasi panadzaza zilembo zofiira.

Sikimuyo inali yaing'ono. Alimi a mpunga anaikumba okha ndi makasu, kupatutsa madzi a kamtsinje kothira mu Bua. Ngalande imodzi, mageti asanu ndi limodzi, mapuloti 84. Kale madzi ankagawidwa ndi pakamwa. Akomiti ankakhala pamthunzi n'kunena kuti mawa geti lakuti, mkuja lakuti, ndipo popeza akomiti onse anali ndi mapuloti kumtunda, mageti a kumtunda sankamva ludzu. Akumunsi ankalandira matope ndi achule. Nasra anakulira kumunsi. Anaona mayi ake akutunga madzi ndi ndowa kukathirira mpunga, chinthu chimene munthu sachita pokhapokha atasowa kolirira.

Mayeso a Fomu 4 Nasra anakhoza bwino, koma dzina lake silinatuluke kukoleji. Ndiye anadziphunzitsa yekha. Foni yong'aluka galasi, mavidiyo ophunzitsa Python, chinenero cholembera mapulogalamu a kompyuta, ndi kope la masamu momwe ankalembamo chilichonse ndi bolopeni, chifukwa kope silitha moto. Chaka chathunthu akuphunzira, kenako analemba pulogalamu yozunguliza mageti. Woyamba sabata ino ankatsiriza sabata ya mawa. Msilamu sankapatsidwa madzi Lachisanu masana pa nthawi ya Juma, Mkhristu sankapatsidwa Lamulungu m'mawa. Pulogalamuyo sinkadziwa kuti uyu ndi mlamu wa ndani. Zaka ziwiri zapitazo msonkhano wa alimi onse unakweza manja n'kuvomereza kuti pepala lotuluka mu laputopu ndilo lamulo.

Ndipo sabata ino inali ya akumunsi. Mageti awiri omaliza anali atakhala masiku asanu ndi atatu osatsegulidwa, mpunga uli ndi pakati, utatsala pang'ono kumasula. Ukasowa madzi pamsinkhu umenewo, ngakhale udzauthirire nyanja yonse pambuyo pake, umabereka mankhusu.

Yakubu anawerama n'kuwerenga zofiirazo. Anali mphwake wa wapampando wa sikimu, ndipo anali pa tchuthi kuchokera kukoleji ku Lilongwe. Kupulayimale ankakhala desiki imodzi ndi Nasra, ndipo ankakopera masamu kwa iye.

"Aaa," anatero, n'kukanda m'mutu.

"Aaa chiyani?"

"Laputopu yanga inafa. Amalume anandibwereka kiyi Lachiwiri kuti ndidzamalizire ntchito ya kusukulu. Ndinangoika pakeji imodzi."

Munthu polemba pulogalamu sayamba ndi kuumba njerwa. Amatenga zida zimene ena analemba kale, zotchedwa mapakeji, n'kumangirapo zake. Pakeji iliyonse ili ndi nambala ya msinkhu wake, veshoni, ndipo eni ake amaisinthasintha chaka ndi chaka. Pulogalamu ya Nasra inkatsamira pakeji ina yosanja manambala m'mizere.

"Imodzi yokha?"

"Chabwino, inadandaula kuti yosanja mizere ija ndi yakale. Ndiye ndinaikweza. Kuchoka pa 1.5 kufika pa 2.2. N'zabwinotu, yatsopanoyi imathamanga."

"Imathamangira kuti? Lamulo limene pulogalamu yanga imaitana analichotsamo mu yatsopanoyo! Ikuitana munthu amene anasamuka!" Nasra anamenya tebulo, bolopeni n'kugwa pansi. "Amalume ako anakutuma. Sabata ya akumunsi, ndiye laputopu n'kudwala sabata yomweyo? Ukundiyesa mwana?"

Nkhope ya Yakubu inasintha. "Wallahi, Nasra, undinene zina. Ulesi ndivomera, kupusa ndivomera. Koma zotumidwa kudzaumitsa mpunga wa mayi ako, amene ndadya mbale zawo kangati? Ayi."

"Mbale zimene unadya sizitsegula geti."

Pakhomo panada. A Fakiri, wapampando, anali ataima pamenepo atavala jombo, akupukuta thukuta ndi chisoti. Anali munthu wolankhula mofatsa, wosachedwa kuseka, wogula mpunga wa anzake n'kukaugulitsa ku Salima. Sanafunse kuti chavuta n'chiyani. Mawu a Nasra anali atawapeza kale pamsewu.

"Ndiye makina atopa," anatero akumwetulira. "Palibe kanthu, mwanawe. Makina amatopa, anthufe sitinatope. Tigawa ndi manja monga kale."

"A Tcheya, sanatope. Ndikonza."

"Ukonza liti? Mageti akutsegulidwa mawa mbandakucha. A Kalilu, otsegula mageti, ayenera kugona ndi pepala m'thumba."

"Lero lomwe."

"Inshallah. Tikumana pansi pa mango tikatuluka swala ya madzulo ya Asiri. Lako likakhala kuti latuluka, tidzaliona. Likapanda, ine ndibwera ndi langa." Anayang'ana mphwake. "Iwe, ngati zikumukanika, umuthandize. Uli ndi mapepala a sukulu, si choncho?"

Anachoka akuimba likhweru. Nasra anamva makutu akutentha. Mapepala a sukulu! Wophwanya ndi wamapepalayo, koma wokayikiridwa ndi iye. Anakhala pampando, kukoka laputopu, n'kulemba mofulumira.

"Ukutani?" anafunsa Yakubu.

"Ndikuchotsa nyansi zakozi. Ndibwezera 1.5."

Yakubu anaphimba mabatani ndi chikhatho. "Ukaitsitsa, ntchito yanga ifa. Ndikupereka Lolemba."

"Ife tifa Loweruka. Chotsa dzanja."

"Nasra, ndikalephera phunziro ili ndibwereza chaka."

"Bwereza. Ena sitinayambe n'komwe."

Anachotsa dzanja pang'onopang'ono, n'kukatsamira khoma. Chala cha Nasra chinali pamwamba pa batani. Kudina kamodzi, basi. Koma mutu wake, umene unali wozizira kuposa mtima wake, unali utayamba kale kuwerenga masiku. Akatsitsa lero, kiyi akadali nayo Yakubu. Loweruka adzabwera, ntchito yake idzakana, adzakwezanso. Lachinayi la mawa adzakumananso pakhomo pomwepa, iye akukuwa, a Fakiri akumwetulira. Ndipo Yakubu akabwerera ku Lilongwe, kudzabwera wina. Laputopu ya gulu ili ngati chitsime cha pamsewu, aliyense amaponyamo chidebe chake.

Anabweza dzanja. Anatulutsa kope lake m'chikwama, lija lofufuma ndi thukuta la zaka zitatu, n'kuyamba kutembenuza masamba. Phunziro 9. Phunziro 10. Pa phunziro 11 panali mutu wokha, venv, ndipo pansi pake mawu amodzi: ndidzaonera. Tsamba lonse loyera.

Anakumbukira tsikulo. Bando inali itatsala pang'ono kutha, vidiyo inali ya mphindi makumi awiri, ndipo mphunzitsiyo anayamba ndi kunena kuti izi n'zofunika kwa munthu wokhala ndi mapulojekiti ambiri pakompyuta imodzi. Iye analibe pulojekiti ngakhale imodzi, analibe ndi kompyuta yomwe. Anadumpha.

Yakubu anasuzumira. "Aa, venv. Anatiphunzitsa chaka choyamba."

Nasra anatembenuka pang'onopang'ono. "Unaphunzira?"

"Zinabwera pamayeso. Ndinakhoza."

"Unakhoza. Ndiye Lachiwiri unazisiya kuti?"

"Ndinali ndi changu." Anayang'ana tsamba loyera lija. "Nanga iwe, zaka ziwiri pulogalamu yako ikugona pabwalo, yopanda mpanda?"

Zinamuwawa Nasra chifukwa zinali zoona. Kupepesa sanapepese. Anangomukankhira mpando wachiwiri ndi phazi.

"Khala. Ndiuze zimene unalemba pamayesozo. Pang'onopang'ono, ndikulemba."

Nkhani yake sinali yaitali ayi, ndipo izi zinamupsetsa mtima kwambiri. Laputopu yonse inali ndi nkhokwe imodzi ya mapakeji, ndipo aliyense woika kanthu ankathira momwemo. Venv ndi foda yokhala ndi Python wakewake ndi nkhokwe yakeyake. Zolowa mmenemo sizikhudza zakunja, zakunja sizikhudza za mmenemo. Pulojekiti iliyonse ndi nkhokwe yake, basi. Mphindi makumi awiri za vidiyo zinakwana pa mizere isanu ndi umodzi ya m'kope.

Analemba yekha, osalola Yakubu kukhudza batani: python -m venv madzi. Laputopu inaganiza kwa kanthawi, n'kukhala chete. Analemba mzere wachiwiri wolowera m'katimo, ndipo dzina lakuti madzi linaonekera kumayambiriro kwa mzere, ngati chikwangwani pageti. Anafunsa kuti m'nkhokwemo muli chiyani. Munalibe kanthu.

"Tsopano tithiremo yakale ija," anatero. "Netiweki."

Apa ndiye panali ntchito. M'ofesimo netiweki sinkalowa. Inkagwira pachulu chakuseri, ndipo laputopu ya gulu, mwa lamulo la komiti, sinkatuluka pakhomo. Foni ya Nasra inalibe bando yokwanira. Yakubu anatulutsa yake osauzidwa, kuyatsa hotisipoti, kuikulunga m'jumbo, n'kuimangirira kunsonga ya nsungwi yothyolera mango. Anaimika nsungwiyo kuseri kwa zenera n'kuitsamiritsa padenga.

Ali mkati mochita zimenezi, a Kalilu anafika. Iwo ndiwo ankasunga makiyi a mageti onse, mkulu wowonda, wa ndevu zoyera, amene Lachinayi lililonse ankabwera kudzatenga pepala lake n'kulipinda kanayi. Anaima n'kuyang'ana jumbo ili lendelende m'mwamba.

"Kodi tsopano tikuwedza mbalame?"

"Tikuwedza netiweki, agogo," anatero Yakubu.

"Nanga pepala langa?"

Nasra anawafotokozera mwachidule, akusankha mawu. A Kalilu anamvetsera atapendeketsa mutu.

"Ndiye kuti mbewu ya Kilombero ndi ya Faya munasunga m'thumba limodzi?"

"Eya, agogo. Choncho kumene."

"Ana asukulu inu!" Anapukusa mutu. "Ine sindinaone bolodi, koma thumba lililonse ndimalilemba ndi khala. Chabwino. Ndikakhala kumzikiti. Koma mudziwe, ine ndimatsegula geti lolembedwa papepala limene ndapatsidwa. Sindisankha."

Pakeji yakale inatsika ngati madzi a m'ngalande ya kumunsi, dontho ndi dontho. Kawiri konse mphepo inagwedeza nsungwi, n'kudula. Ulendo wachitatu Yakubu anatuluka, kukwera pachulu, n'kugwira nsungwiyo ndi manja awiri padzuwa.

"Zafika pati?" ankakuwa.

"Theka! Usasunthe!"

"Nyerere zikundikwera!"

"Zikwere! Usasunthe!"

Itakwana 12 koloko, pakeji inalowa. Nasra anapuma kamodzi, n'kuyendetsa pulogalamu. Zilembo zofiira zinadzazanso pagalasi. Zina, osati zam'mawa zija, koma zofiira ndithu.

Kunja kunamveka adhana yoitanira anthu ku swala ya masana, ndipo Yakubu analowa akudzikung'untha nyerere m'miyendo. Asanalankhule, pakhomo panalowa mayi Liness, a puloti 81, oyandikana ndi mayi ake a Nasra. Anali mayi wamasiye wa pakamwa posatseka. Anaika chibuma cha dothi patebulo, pambali pa laputopu, chouma gwa, chong'aluka ngati chidendene.

"Cha m'puloti mwanga ichi. Uwaonetse makina akowo, mwina achita manyazi."

"Mayi, ndikukonza."

"Konza msanga. Pepala la a Tcheya lalembedwa kale, ndaliona ndi maso angawa pagolosale, akuwerengera anzawo. Geti loyamba Lachisanu, lachiwiri Loweruka, kumangotsika choncho. Ife Lachiwiri ndi Lachitatu, ndipo alembapo kuti ngati madzi atsala." Anatembenukira Yakubu. "Iwe ndiwe unathyola? Sukulu yonseyo anakutumiza kukaphunzira kuthyola?"

"Mayi, sindinachite dala."

"Ngakhale mvuu sichita dala. Imangodutsa."

Anatuluka osatsazika. Nasra anayang'ana chibumacho, kenako galasi. Lachiwiri. Masiku ena anayi pamwamba pa asanu ndi atatu. Anamanga mpango wake bwinobwino, n'kukoka mpando.

"Pita ukaswali," anauza Yakubu. "Koma uyambe wawerenga ichi. Chingerezi chako n'chothamanga kuposa changa. Werenga mzere womaliza, osati kungouyang'ana."

Yakubu anawerenga kawiri, milomo ikuyenda. "Si yosanja mizere imene ikudandaula. Ndi inzake, ija yowerengera. Yakaleyi potsika yakoka inzakeyo, koma yakoka yatsopano. Sizikumvana. Ikufuna inzake ya nthawi yake."

"Nambala yanji?"

"Sikunena. Sunalembe m'kope?"

Anafufuza. Nambala ya yoyamba analemba, 1.5, chifukwa anaiika ndi dzanja lake. Inzakeyo inalowa yokha zaka ziwiri zapitazo, mwakachetechete, ndipo Lachiwiri inafufutidwa mwakachetechete. Panalibe poiona.

"Ndiye titsika makwerero," anatero Nasra. "Imodzi imodzi, mpaka zitamvana."

"Iliyonse ndi theka la ola pa netiweki iyi."

"Tili ndi maola atatu. Pita, ubwere msanga."

Nasra anaswalira pakona ya ofesi, pa chitenje, khutu lina lili ku laputopu. Yakubu atabwera anakweranso pachulu osatumidwa, atafunda thaulo kumutu. Yoyamba imene anayesa inatsika bwino, koma zofiira zinakhalabe. Nasra analemba nambala yake m'kope n'kuidula ndi mzere. Yachiwiri inaduka itatsala pang'ono kufika, galimoto ya nzimbe itadutsa pamsewu wa M5 ngati kuti yanyamula netiweki yonse kupita nayo ku Dwangwa. Nasra anayambiranso. Sanatukwane, ndipo Yakubu anachita mantha ndi kukhala chete kwakeko kuposa kukuwa kwa m'mawa.

Koma panali chinthu chimodzi chimene chinkamulimbitsa. Nthawi iliyonse akalakwitsa, ankachotsa n'kuikanso m'kati mwa foda ya madzi, ndipo kunja sikunkagwedezeka kanthu. Ntchito ya Yakubu inali chigonere m'malo mwake. Kwa nthawi yoyamba chiyambire kugwira laputopuyo, ankayesa zinthu osaopa kuti aphwanya za wina.

Yachitatu inalowa itangopitirira 3 koloko. Anayendetsa pulogalamu. Pagalasi panatuluka mizere yoyera, yosanjika bwino: tsiku, ola, geti, mapuloti. Pamwamba penipeni, Lachisanu mbandakucha, geti lachisanu ndi chimodzi.

"Yatheka?" anakuwa Yakubu ali pachulu.

"Tsika. Sitinathe."

"Sindikiza tizipita!"

"Ndati sitinathe. Amalume ako anena kuti makina odwala m'mawa sangakhulupirike madzulo. Kamatule pepala la sabata yatha pachitseko."

Nasra anabweza deti ya pulogalamu masiku asanu ndi awiri, n'kuiuza kuti itulutsenso mndandanda wa sabata yatha. Yakubu ankawerenga papepala lakale, lofufuma ndi dzuwa, iye akutsata ndi chala pagalasi. Puloti ndi puloti, ola ndi ola, mpaka mzere womaliza. Panalibe posiyana ngakhale pamodzi.

Adhana ya Asiri inamveka. Nasra anauza laputopu kuti ilembe mayina a mapakeji onse a m'nkhokwe ya madzi, ndi manambala ake, mu fayilo imodzi. Anakoperanso mndandandawo m'kope, pansi pa phunziro 11, mpaka ija yolowa mwakachetechete. Kenako anadina kuti pulinta iyambe, n'kutembenuzira laputopu kwa Yakubu.

"Panga nkhokwe yako."

"Ntchito yanga ikuyenda kale."

"Ikuyenda pabwalo. Mawa wina adzaiponda monga unapondera yanga, ndiye udzabwera kudzalira kwathu. Panga. Si unakhoza pamayeso?"

Yakubu analemba akuseka. Anaitcha koleji.

"Zako zonse uziika mmenemo," anatero Nasra akusonkhanitsa mapepala. "Ukadzatulutsa mwendo kunja, ndidzaudula."

Atamaliza kuswali n'kutuluka, pansi pa mango panali patadzaza kale. Alimi oposa makumi anayi, amuna pamizu ndi panjinga, amayi pazitenje. Akumtunda anakhala mbali ya kumthunzi, akumunsi mbali ya kudzuwa, popanda wowauza. A Fakiri anali ataimirira, pepala la m'kope lili m'manja, akuwerenga ndi mawu awo ofatsa. Anali atafika pa Lamulungu.

"Pepala latuluka, a Tcheya," anatero Nasra.

Anasiya kuwerenga. Anamwetulira. "Wachedwa pang'ono, mwanawe. Tayamba kale."

"Munati tikatuluka Asiri. Ena akuvalabe nsapato pamzikiti."

Wina anaseka kumbali ya kudzuwa. Nasra anadutsa pakati pa anthu n'kupereka pepala kwa a Kalilu. A Fakiri nawo anatambasula dzanja n'kuwapatsa lawo. Mkuluyo anatsala ali ndi mapepala awiri, lina dzanja ili, lina dzanja ilo.

"Anthuni," anatero a Fakiri, "makina awa m'mawa anali chikomokere. Tonse tinamva kukuwa. Lero lomwe adzuka, ndiye tiwapatse mpunga wathu? Bwanji ngati asokonekera mutu?"

"Tawayesa," anatero Nasra. "Tawauza kuti abwereze sabata yatha. Mapepala onse awiri ndi awa, lakale ndi latsopano. Aliyense wodziwa kuwerenga abwere apeze posiyana."

"Wayesa wekha, n'kudzikhozetsa wekha."

"Ndinalipo, amalume." Yakubu anali kumbuyo, thaulo likadali paphewa. Mawu ake anatuluka mopyapyala, n'kukhosomola. "Ndawerenga ndine. Ndipo wophwanya ndinali ine, osati makina, osati iye. Ndinasakaniza zinthu zanga ndi zake. Pano zapatulidwa. Sizidzachitikanso."

A Fakiri anamuyang'ana mphwawo. Kumwetulira kunachoka, ndipo atalankhulanso, analankhula ngati munthu amene wasiya kuzungulira.

"Chabwino. Tinene zoona. Pitani mukaone kamtsinje. Chaka chino madzi achepa, sanachepepo chonchi. Kuti afike geti lachisanu ndi chimodzi, theka limathera m'njira, kumwedwa ndi ngalande youma. Tikagawa mofanana, tonse tikolola mankhusu. Tikayamba kumtunda, ena apulumuka, ndipo sikimu ikhala ndi mbewu chaka cha mawa. Makina sadziwa zimenezo. Sanapiteko kumtsinje."

Mbali ya kumthunzi ena anagwedeza mitu movomereza. Ngakhale kudzuwa kunali oyang'ana pansi, chifukwa kamtsinjeko anali atakaona.

Mawu oyamba amene anabwera pakamwa pa Nasra anali oti akanawanena, msonkhano ukanathera pa mwano wake, osati pa madzi. Anawameza. Anayamba ndi mawu otsika.

"Mwina mukunena zoona, a Tcheya. Ulimi mumaudziwa kuposa ine. Koma m'mawa simunanene zimenezo. M'mawa munati makina atopa. Tsopano makina adzuka, ndiye mwapeza kamtsinje. Sabata yatha, pamene madzi anali kumageti anu, kamtsinje komweko kanali kodzaza?"

"Iwe mtsikana, samala," anatero wina kumthunzi.

"Musiyeni amalize!" anakuwa mayi Liness. "Mwamusamalitsa zaka zingati?"

"Tinakweza manja pansi pa mtengo womwe uno," anapitiriza Nasra, mawu akukwera tsopano. "Tinati pepala la laputopu ndilo lamulo, pa madzi ambiri ndi pa madzi ochepa. Akumunsi adikira masiku asanu ndi atatu osathyola loko ngakhale imodzi, chifukwa ankadziwa kuti Lachisanu ndi lawo. Ngati lamulolo latha, litheretu pano, masana, anthu akuona. Ngati ena ayenera kufa kuti ena apulumuke, musabisale kuseri kwa laputopu. Laputopu ndakonza."

A Kalilu anakweza mapepala awiri aja. "Ine makiyi ndili nawo," anatero, "koma mbandakucha ndi umodzi. Ndipinde liti?"

A Fakiri anayang'ana akomiti anzawo, ndipo akomitiwo anapeza zoti aone pa zala za kumapazi awo. Mayi Liness anaimirira. Mayi ake a Nasra, amene sanalankhulepo pamsonkhano chibadwire, anaimiriranso. Kenako mbali yonse ya kudzuwa, mmodzi mmodzi, akukung'untha zitenje ndi mathalauza.

Nasra anatenga pepala lotsala m'manja mwake, kulitembenuzira kwa wapampando, n'kuika chala pa mzere woyamba.

"Geti lachisanu ndi chimodzi, mapuloti 71 mpaka 84. Eni ake ndi awa aimirirawa. Ngati mawa madzi sakupita kwa iwo, ayang'aneni, muwatchule mayina mmodzi mmodzi, muwauze kuti mpunga wawo ndi umene mwasankha kuti uume. Apo ayi, auzeni a Kalilu apinde pepala ili. Yankhani, a Tcheya. Mbandakucha, geti liti?"